Kulemba Psychology ya Cambridge popanda mphunzitsi: m'mene tidachitira kuno ku Joni

Mwana wa achemwali anga adabwera kuno ku Joni atamaliza Fomu 4 ku Mulanje, ndipo chaka chathachi adalemba Psychology ya Cambridge, ya AS Level, lomwe ndi gawo loyamba la A Level, osalowako m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Masana amagwira ntchito mushopu ina ku Fordsburg, usiku n'kumawerenga patebulo lomwe timadyerapo ku Rosettenville. Ine ankolo ake ndinali wochonga, wogwira wotchi komanso wolipira zosindikiza. Poti makolo angapo kutchalitchi akhala akundifunsa m'mene tidachitira, ndati ndingolemba kamodzi.

Ndiyambe ndi kukugwetsaniko mphwayi. Achinyamata ambiri amalifuna phunziroli poganiza kuti akaphunzira kudziwa zomwe munthu akuganiza pongomuyang'ana m'maso. Mayesowa safunsa zimenezo. Amafunsa za ntchito 12 za kafukufuku zomwe akatswiri adachita kale, zomwe silabasi imazitcha core studies: adafuna kudziwa chiyani, adatenga anthu angati, adawachita chiyani, adapeza chiyani, nanga kafukufukuyo n'ngodalirika bwanji. Ndipo vuto lalikulu la wophunzira payekha si kusowa kwa mabuku. Vuto n'lakuti palibe woona zomwe walemba n'kumuuza kuti apa walakwa. Zonse zomwe ndilembe m'munsimu zikuzungulira pamenepo.

Dziwani mayeso omwe mukulemba, ndi chifukwa chake

Matric ya kuno ilibe phunziro la Psychology, monganso MSCE yakwathu. N'chifukwa chake wolifuna amapita ku Cambridge International, bungwe la mayeso la ku England, komwe nambala ya phunziroli ndi 9990. Nambalayi isungeni, ndi imene mudzalembe pafomu ndiponso posaka mapepala akale. Kuli mayeso ena a ku America otchedwa AP Psychology, olembedwa m'mwezi wa Meyi. Amenewo ndi osiyana kotheratu, ndipo manotsi ake ambiri omwe ali pa YouTube angakusokeretseni.

AS Level ili ndi mapepala awiri. Loyamba limafunsa za ma core study aja, lachiwiri limafunsa za njira zochitira kafukufuku. Pepala lililonse ndi la ola limodzi ndi theka, malikisi 60. Wofuna A Level yonse amaonjezera mapepala ena awiri, atasankha magawo awiri mwa anayi awa: za matenda a maganizo, za ogula malonda, za umoyo, ndi za anthu pantchito. Langizo langa n'lakuti yambani ndi AS yokha. Munthu wogwira ntchito masana akasenza mapepala anayi nthawi imodzi amathera panjira.

Makolo mvetsani apa musanatulutse ndalama. Phunziro limodzi la AS silingalowetse mwana kuyunivesite ya Wits kapena ya UJ. Wobwera ndi satifiketi ya Cambridge amafunika chikalata cha exemption, chomuloleza kufunsira malo kuyunivesite, chochokera ku Matriculation Board ya Universities South Africa, ndipo iwo amayang'ana maphunziro angapo pamodzi, osati limodzi. Komanso yunivesite sifuna kuti wokaphunzira Psychology akhale atailembapo kusekondale, poti anzake a matric sadaiphunzirepo. Choncho lembani phunziroli ngati limodzi mwa maphunziro okwaniritsa exemption, kapena chifukwa mukufuna kudziyesa musanadzipereke zaka zitatu. Kwathu kuno chifukwa chinali choyambacho.

Pezani kolembera musanatsekule buku

Wopanda sukulu amalembetsa ngati private candidate, kudzera ku British Council kapena kusukulu ya Cambridge yomwe imalandira anthu akunja. Si sukulu zonse zimalola, ndiye imbani foni msanga. Mayeso amachitika kawiri pachaka, ena cha mu Meyi ndi Juni, ena cha mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike. Wochedwa amalipira chindapusa pamwamba pa fizi. Dzina lapafomu lifanane ndi la mupasipoti chilembo ndi chilembo. Ife tidasankha a Novembala, chifukwa adatipatsa miyezi yokwanira, komanso amene adakhalapo m'nyumba yopanda hita mu Juni wa ku Johannesburg akudziwa m'mene zala zimaumira.

Cambridge imati AS Level imafuna maola pafupifupi 180 ophunzitsidwa ndi mphunzitsi. Mukayamba mu Febuluwale n'kulemba mu Okutobala, ndiye kuti maola asanu kapena asanu ndi limodzi pasabata, ndipo poti mulibe mphunzitsi, onjezeranipo. Ife tidagwirizana ola limodzi usiku uliwonse kupatula Lachisanu, ndi maola atatu Loweruka masana.

Silabasi kaye, buku pambuyo

Apa ndi pomwe tidapsa. Mtsikanayu adagula buku lakale kwa ogulitsa mabuku mumsewu m'tauni, lotchipa bwino, pachikuto palembedwa Cambridge ndi Psychology. Kwa milungu itatu adalimbana ndi kafukufuku wa Irene Pepperberg wa 1987, wa chinkhwe chotchedwa Alex chomwe chidaphunzitsidwa kusiyanitsa zinthu zofanana ndi zosiyana. Adachikonda chinkhwecho mpaka kumatifotokozera tikudya nsima. Tsiku lomwe tidatsitsa silabasi pa intaneti tidapeza kuti chinkhwe mulibe. Adachichotsa pa silabasi yomwe idayamba kugwira ntchito pa mayeso a 2024, pamodzi ndi ntchito zina zingapo. Safunsa adadya phula, ndipo phulalo tidadya tonse awiri, poti ndalama ya bukulo inali yanga.

Ndiye pitani pa webusaiti ya Cambridge International, sakani 9990, tsitsani silabasi, ndipo yang'anani pachikuto kuti chaka chomwe mudzalembe chilipo. Ndi yaulere. Isindikizeni, chifukwa mudzakhala mukuchongamo. Pa silabasi yomwe tidagwiritsa ntchito, ma core study adagawidwa m'magulu anayi, atatu pagulu. A za thupi ndi ubongo ndi Dement ndi Kleitman, Hassett, ndi Hölzel. A za kaganizidwe ndi Andrade, Baron-Cohen, ndi Pozzulo. A za kaphunziridwe ndi Bandura, Fagen, komanso Saavedra ndi Silverman. A za munthu pakati pa anzake ndi Milgram, Perry, ndi Piliavin. Buku lililonse lomwe mufuna kugula, litsekuleni muone ngati mayina a m'silabasi yanu alimo onse.

Kafukufuku aliyense pepala lake

Tengani pepala limodzi la A4 pa kafukufuku aliyense, osapitirira. Kutsogolo lembani cholinga, anthu omwe adatenga nawo mbali, zomwe zidachitika mwatsatanetsatane, zotsatira ndi manambala ake, ndi mfundo zomwe ochita kafukufuku adamanga. Kumbuyo lembani mphamvu zake ndi zofooka zake. Kuchepa kwa malo n'kwadala: kumakukakamizani kusankha, ndipo posankhapo ndi pomwe mutu umagwira ntchito. Kukopera buku lonse m'kope, monga tinkachitira kusekondale, kumangotopetsa dzanja.

Yambani ndi Milgram, chifukwa akakulowani simudzafuna kusiya. Mu 1963 Stanley Milgram adasindikiza zomwe adachita ku Yale University. Adaitana amuna 40 azaka za pakati pa 20 ndi 50, n'kuwauza kuti akuthandiza kafukufuku wa kaphunziridwe. Aliyense adamukhazika pamakina okhala ndi maswitchi oyambira pa mavolti 15 kukafika 450, n'kumuuza kuti munthu wa m'chipinda chinacho akalakwa yankho amutchaye shoko, ndipo akalakwanso akweze mphamvu. Shokoyo inali yabodza, wolakwitsayo anali m'gulu la ochita kafukufuku, koma wokanikiza switchi samadziwa. Onse 40 adafika pa mavolti 300, pomwe munthu uja adamenya khoma. Anthu 26 adapitirira mpaka 450, ena akutuluka thukuta, akunjenjemera, ena akuseka mosadziwika bwino, chifukwa chakuti bambo wovala chovala cha mulabotale amawauza kuti apitirize.

Wochonga amafuna manambala amenewo, koma malikisi ambiri ali kumbuyo kwa pepala. Kodi anthuwo adanamizidwa? Inde. Kodi adapatsidwa ufulu weniweni wosiya? Mawu owakakamiza aja amauphimba. Kodi amuna 40 a dera limodzi la America angaimire amayi, kapena anthu a ku Mulanje? Nanga anthu 14 omwe adakana, adakana chifukwa cha khalidwe lawo kapena chifukwa cha m'mene zinthu zinalili? Funso lomalizali ndi limodzi mwa mitsutso yomwe silabasi imafuna kuti muziyesa nayo kafukufuku aliyense, pamodzi ndi wa chibadwa ndi maleredwe, wa kugwiritsa ntchito ana ndi nyama, ndi wa phindu lake pa moyo wa tsiku ndi tsiku.

Piliavin ndiye adatipatsa mkangano m'nyumba. Pa kafukufuku wawo wosindikizidwa mu 1969, iye ndi anzake adatuma anyamata kuti azigwa dala m'sitima yapansi panthaka ya ku New York, pakati pa masiteshoni awiri otalikirana mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka. Nthawi zina wogwayo amagwira ndodo ngati wodwala, nthawi zina amanunkha mowa, botolo lili m'thumba la pepala. Adachita izi maulendo 103. Wandodo adathandizidwa msanga maulendo 62 mwa 65, woledzera maulendo 19 mwa 38. Ine ndidati ayesere pa Park Station aone, anthu adzangomulambalala poopa kuberedwa. Iye adayankha kuti, "Ankolo, pasiteshoni munthu amatha kuchoka. M'sitima muja mudalibe kothawira, n'chifukwa chake amathandiza." Adandigonjetsa, ndipo mfundo imeneyo ndi ya malikisi.

Ena mudzadutsa mwachangu. Ana 72 a Bandura a mu 1961, omwe ena mwa iwo amamenya chidole cha Bobo ataona wamkulu akuchimenya, savuta kukumbukira. Chimodzimodzi mnyamata wazaka 9 wa Saavedra ndi Silverman amene amanyansidwa ndi mabatani, kapena njovu zisanu za Fagen ku Nepal zomwe zimaphunzitsidwa kutsuka chitamba kuti ziyezedwe TB, mphoto yake nthochi, chizindikiro chake wezulo. Ovuta ndi okhala ndi makina oyezera ubongo, monga Hölzel. Amenewo apatseni milungu iwiri m'malo mwa umodzi.

Tsekani buku

Ili ndiye gawo lomwe ambiri amalithawa. Kuwerenga mobwerezabwereza kumakoma, chifukwa tsamba limaoneka lodziwika ndipo mtima umati zalowa. Sizinalowe. Hermann Ebbinghaus adaonetsa kale mu 1885 kuti zomwe taphunzira zimathawa mofulumira m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa. Ndipo mu 2006 Roediger ndi Karpicke adapeza kuti ophunzira omwe adadziyesa kukumbukira nkhani adaisunga bwino patapita sabata kuposa omwe adangoiwerenganso. N'zomvetsa chisoni kulemba mayeso a Psychology uku mukuwerenga mosemphana ndi zomwe Psychology yomweyo idapeza.

Chitani chonchi. Mukamaliza pepala la kafukufuku, litembenuzeni, tengani pepala loyera, lembani zonse zomwe mukukumbuka. Kenako yerekezani, ndipo zomwe mwaphonya zilembeni ndi cholembera chofiira. Bwerezani mawa lake, kenako patapita masiku atatu, sabata, mwezi. Tsiku loyamba pepala limafiira lonse ndipo manyazi amagwira. Pitirizani.

Mtsikanayu adadula timakadi kuchokera ku makatoni a kushopu: mbali imodzi funso, mbali inayo yankho, n'kumanga ndi labala. Amawerenga mutakisi popita ku renki ya Bree ndi pobwerera. Timakadi sitifuna data, sitizima magetsi akapita, ndipo palibe mbava yomwe ingakutsomphoreni katoni pawindo. Lamlungu madzulo amandifotokozera kafukufuku mmodzi m'Chichewa, buku litatsekedwa. Pomwe wayamba kuponya Chingerezi cha m'buku osatha kuchimasulira, timadziwa kuti apo waloweza chabe. Koma samalani: mawu ngati validity, reliability, independent variable ndi demand characteristics muyenera kuwadziwa m'Chingerezi momwemo, ndi kalembedwe kake, chifukwa ndi omwe wochonga amawasaka. Chichewa n'choyezera ngati mwamvetsa, Chingerezi n'cholembera.

Pepala lachiwiri musalisiyire kumapeto

Njira za kafukufuku zimaoneka zouma, ndiye ambiri amati adzaziona mu Seputembala. Kulakwa. Ziphunzireni limodzi ndi ma core study kuyambira sabata yoyamba. Mukamawerenga Andrade, amene pa kafukufuku wake wa 2010 adauza anthu 40 kuti amvetsere uthenga wotopetsa wapafoni, theka la iwo akudetsa timabokosi papepala, n'kupeza kuti odetsawo adakumbukira zochuluka ndi 29 peresenti, dzifunseni pomwepo: chomwe adasintha dala n'chiti, chomwe adayeza n'chiti, nanga n'chifukwa chiyani sadagwiritse anthu omwewo m'magulu onse awiri?

Pepalali lili ndi funso lomwe limakuuzani kuti mukonze kafukufuku wanuwanu. Njira yokonzekera ndi imodzi yokha, kukonza ambiri. Tinkatenga zinthu za pakhomo. Kodi anthu amapereka msanga ndalama ya takisi kutsogolo ngati dalaivala wayatsa nyimbo kapena ayi? Kuyankha kuti mudzaona ngati apereka msanga sikupatsa malikisi. Msanga ndiye kuti chiyani? Masekondi angati kuchokera pomwe takisi yanyamuka? Adzawerenga ndani, atakhala mpando uti, maulendo angati, nthawi yanji ya tsiku? Mudzatani kuti okwera asadziwe kuti akuonedwa, nanga zimenezo n'zololeka? Lembani mwakuti mlendo atatola pepala lanu angakachite kafukufukuyo osakufunsani kanthu.

Kuchonga

Ikatsala miyezi itatu, yambani mapepala akale. Pepala lililonse lili ndi mark scheme yake, yoonetsa mayankho ndi kagawidwe ka malikisi, ndipo palinso lipoti la ochonga lofotokoza pomwe ophunzira a chaka chimenecho adagwa. Lipotilo ndiye mphunzitsi wanu, liwerengeni ngati kalata yochokera kumudzi. Mudzaona mapepala olembedwa 11, 12 ndi 13, kapena 21, 22 ndi 23. Ndi mitundu ya pepala limodzi yolembedwa m'madera osiyana a dziko lapansi, ndipo yonse n'njothandiza. A zaka za 2024 isanafike ali ndi mafunso a ntchito zomwe zidachotsedwa, amenewo muzingowadumpha.

Lembani ngati tsiku lenileni: foni m'chipinda china, wotchi patebulo, ola limodzi ndi theka, cholembera chakuda kapena chabuluu. Malikisi 60 pa mphindi 90 ndiye kuti mphindi imodzi ndi theka pa malikisi amodzi. Funso la malikisi awiri lisakudyereni mphindi khumi.

Kenako pezani munthu wina woti achonge. Sayenera kudziwa Psychology, ine sindidaiphunzirepo. Ayenera kudziwa kuwerenga mark scheme ndi kuuma mtima. Wodzichonga yekha amadzikomera: amaona zomwe amafuna kunena, osati zomwe walemba. Pepala lathu loyamba mtsikanayu adadzipatsa malikisi opitirira 40, ine nditachonga sadafike 30, ndipo usiku umenewo sitidalankhulane. Kusiyana kudali pa chinthu chimodzi. Pa funso lalikulu la malikisi 10, lofuna mphamvu ziwiri ndi zofooka ziwiri za kafukufuku, iye adalemba kuti kafukufukuyo adachitikira mulabotale choncho safanana ndi moyo weniweni. Chiganizo chimenecho n'choona, koma chingakwane pa kafukufuku wina aliyense, ndiye wochonga amachipatsa zochepa. Chofunika n'kuchimangirira pa kafukufuku amene wafunsidwa: kuti anthu a Dement ndi Kleitman mu 1957 amagona ndi mawaya kumutu, atawaletsa khofi ndi mowa, akudzutsidwa ndi belu usiku, choncho tulo tawo sitingafanane ndi ta munthu ali pabedi lake. Kuyambira pamenepo ndinkalemba funso limodzi m'mphepete mwa yankho lililonse lopanda mchere: kafukufuku uti? Funso la malikisi 10 lija limatchulanso mfundo imodzi yomwe muyenera kuikambapo, ndipo woiiwala malikisi ake amadulidwa ngakhale zina zonse zili bwino, choncho ijambuleni mzere musanayambe kulemba.

Samalaninso mawu otsogolera funso. Outline ndi mwachidule, describe ndi mwatsatanetsatane, explain imafuna chifukwa, suggest imafuna maganizo anu ogwirizana ndi nkhani yomwe yaperekedwa, evaluate imafuna kuyeza mbali zonse. Wofotokoza bwino kwambiri zomwe Milgram adachita pomwe funso lati evaluate wangotaya inki.

Kope limodzi likhale la zolakwa zokhazokha. Mukachonga pepala, lembanimo funso lomwe mwaphonya ndi chifukwa chake: simumadziwa, simunawerenge funso bwino, kapena nthawi idatha. Pakatha mapepala asanu mudzaona kuti zolakwa zanu ndi zomwezomwezo. Za mtsikanayu zinali manambala a zotsatira ndi kusokoneza validity ndi reliability. Masabata awiri omaliza tidawerenga kope limenelo kuposa buku.

Masiku omaliza

Mukalandira statement of entry, chikalata chotsimikizira kuti mwalembetsa mayeso, onani dzina, nambala yanu, masiku ndi nthawi. Mapepala awiriwa amalembedwa masiku osiyana, ndiye pemphani tchuthi kuntchito nthawi ikadalipo, osati dzulo lake. Pitani kukaona malo olembera tsiku lina m'mawa, pa nthawi yomweyo yomwe mudzayende, kuti mudziwe takisi zingati ndi mzere wa pa renki kutalika kwake. Ife tidapeza kuti ulendo womwe pamapu umaoneka wa mphindi 40 umadya ola ndi theka. Gulani nyale yotchaja ngati mulibe.

Usiku womaliza musayambe chatsopano. Pasipoti, statement of entry, zolembera zitatu ndi pensulo ziikeni m'kathumba koonekera mkati, ndalama ya takisi yopita ndi yobwerera ikhale yosinthasintha, kuphatikizapo ina yapadera yoti muitanire galimoto ngati matakisi achita sitiraka. Zotsatira za mayeso a Novembala zimatuluka mu Januwale, ndipo zimaonedwa pa intaneti ndi manambala achinsinsi omwe amakupatsani kolembera kuja. Ajambuleni pafoni ndipo muwalembenso papepala, chifukwa athu tidawasaka nyumba yonse usiku wa pa 9 koloko, n'kukawapeza ali m'kati mwa buku la chinkhwe lija.